Payipi Yoyera

Golomoti, Dedza
3 Disembala 2023

Okondedwa achemwali a Matilda,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndilipo, bondo lija ndiye likuvutabe, koma ntchito ya pa kampu ndikugwira. Alendo a magalimoto okhala ndi bedi ndi khitchini m'kati aja akumabwerabe, kugona tsiku limodzi, kudzaza madzi m'mathanki awo, n'kupitirira ulendo wa ku Mangochi.

Ndalemba kuti ndikupempheni payipi ina ya madzi akumwa, monga ija munanditumizira chaka chatha. Musanyengedwe ndi yobiriwira yothiririra maluwa, imeneyo ikakhala padzuwa madzi ake amanunkha mphira, mlendo akalawa amalavula. Mufune yoyera, yolembedwa kuti ndi ya madzi akumwa, yochindikala bwino, ya mamita makumi awiri, yokhala ndi zitsekerero kukamwa konse kuwiri.

Mudabwa kuti yoyambayo yatha bwanji, poti mukundidziwa mmene ndimasamalira zinthu. Ndinkaitsanula madzi onse ndikamaliza, kuipinda bwinobwino, kulumikiza kukamwa kwake kuti nyerere ndi abuluzi asalowe, n'kuikoloweka m'chipinda mopanda dzuwa. Mwezi uliwonse ndinkaitsuka ndi kolorini. Kukamwa kwake sikunagundepo dothi. Malemu mkazi wanga Idah ankandiseka kuti payipiyo ndi mkazi wanga wachiwiri, ndipo amagona pabwino kuposa iye. Sinathe ayi, achemwali. Ndakhala ndikuzungulira, koma nkhani yake ndi iyi.

Mu Okutobala anamwalira a Gidiyoni, mkulu wa adzukulu uja. Mukuwakumbukira, ndi amene anayamba kugwetsa khasu pokumba manda a Idah, ndipo anakana kupuma mpaka dzenje litatha. Tsiku la maliro awo dothi linali gwa ngati mwala, ndipo mjigo wa m'mudzi unali utawonongeka. Manda ali kuseri kwa mpanda wa kampu yathu. M'mawa anabwera a Dominic, amene akutsogolera adzukulu tsopano, ali ndi anzawo awiri.

"A Wilfred, zikomo. Makasu akungodumpha kumandaku. Tibwerekeni mapayipi onse awiri tilumikize, madzi afike tifewetse dothi."

Ndinawapatsa yobiriwira, koma yokhayo imathera pampanda. Anapempha yoyera. Tsiku limenelo ndinkayembekeza magalimoto atatu, ndipo ndinadziwa kuti payipi ikakokedwa m'dothi la kumanda sindingaiikenso pa thanki ya madzi akumwa a munthu. Ndinati, "Pepani, iyi ndi ya alendo."

 A Dominic anaika yobiriwira ija pansi, nati, "Palibe kanthu, a Wilfred. Tsiku lanu likadzafika, alendo anuwo adzakumba."

Madzi anakatunga amayi kumtsinje, pamutu, dzuwa lili pamutu. Maliro anaikidwa mochedwa. Ine ndinapita, koma pamene ndinakhala anthu anasendera. Magalimoto aja anafika madzulo, ndinawadzazira madzi abwino, anandithokoza kwambiri, m'mawa anakweza manja n'kumapita. Palibe anandifunsa dzina.

Kwa anthu ndinanena kuti ndinaopa abwana a ku Lilongwe. Kwa inu sindinama: abwana sakanadziwa n'komwe. Chichokereni Idah, anthu ondilankhula tsiku lonse ndi alendo amenewa, ndipo chimene amandiyamikira ndi madzi okoma basi. Ndinaopa kutaya kachinthu kamodzi kamene kamandichititsa kuoneka munthu. Ndinaiwala kuti mlendo ndi mame, ndipo maliro n'kulirana.

Tsopano ku msika wa Golomoti moni amandiyankha akuyang'ana kumbali. Ku Mphakati sandiuzanso nyumba imene tikapemphere. Ndinapita kukapepesa kwa amayi Namaliya, mkazi wa malemuwo. Anandiyalira mphasa mwaulemu, anandimvetsera mpaka kumapeto, nati, "Madzi tinapeza, bambo."  Bola akanandikalipira.

Lachitatu lapitali ndinatsitsa payipi yoyera ija, ndinaisenza mpaka kwa a Dominic, kuti ikhale ya adzukulu. Anatuluka, anayang'ana kumwamba, nati, "Mvula yagwa kale, a Wilfred. Dothi lafewa lokha." Ndinaisiya pakhonde pawo. Dzulo podutsa ndinaiona ili pompo, nkhuku zikupondaponda, kukamwa kwake kuli m'matope. Mtima unandiwawa, koma sindinaitole.

Payipi mukatumiza, mupatsire basi monga kale. Koma pempho langa lenileni ndi lina, ndipo ndachita manyazi kuliyamba. Nambala yanu ndailemba papepala, ndamata pachitseko changa m'kati. Mukadzamva kuti zachitika, musadikire kutha kwa mwezi. Mudzabwere ndi ana anu aamuna awiri aja. Makasu alipo m'chipinda cha mapayipi, ndawanola. Malo ndi kumanzere kwa Idah.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Tamanda ndi ana onse. Pano ndi pamene ndimalemba mayina a anthu a kuno amene akukupatsani moni, ndipo kale tsamba linkachepa. Ndakhala ndi cholembera m'manja nthawi yaitali. Moni wa kuno ulendo uno ndi wanga ndekha.

Ndine mlongo wanu,
Wilfred