Moni Wodya Mamiliyoni Sikisi

Lachiwiri, 4 Malichi
Mwezi wathunthu chindigundireni lole ya simenti ku Uyole. Mkono wamanja udakali m'chikhakha. Ndikulemba ndi wamanzere, zilembo ngati papalasa nkhuku. Ana anga a Fomu 2 ataona, angandipatse ziro.
Fupa akuti lalumikizana mokhota. Opaleshoni ku Dar es Salaam Meyi asanathe, apo ayi zala ziuma. Mashilingi 8 miliyoni.

Lachisanu, 7 Malichi
Kwa loya, a Mwakalinga. Chipukuta misozi akuti amachiyeza ngati mpunga wa ku Kyela, uku akuchotsera mankhusu. Ndinakwera njinga yamoto wopanda chipewa choteteza mutu: a inshuwalansi adula ndalama. Ndati ndathyoka mkono, osati mutu. "Adulabe, aphunzitsi."
Masiku anayi amene amayi anandisunga kwa sing'anga wolumikiza mafupa ku Tukuyu, ndisanafike kuchipatala: adulanso. Malipiro otayika? Sukulu yathu imalipira pamanja, popanda kapepala. Zaka naini za choko, umboni wake chifuwa chokha.

Lachinayi, 13 Malichi
Foni ya a Shayo a ku inshuwalansi. Mawu a uchi. "Pepani mayi, mukupeza bwanji?" Ndayankha ngati munthu woleredwa: "Ndili bwino, tithokoze Mulungu." Anayamba ndi kunena kuti foniyo ikujambulidwa. Sindinalabadire. Moni ndi moni.

Lachitatu, 2 Epulo
Kalata. 2 miliyoni, chifukwa "wovulalayo watsimikiza yekha kuti ali bwino."
A Mwakalinga agwira mutu. "Aphunzitsi, moni wanu wadya mamiliyoni sikisi."
Kuno ku Mbeya ndani anayankhapo moni ndi matenda? Bambo anga anati ali bwino Lachinayi, Loweruka tinawaika m'manda. A Shayo akudziwa zimenezi. Nawonso anabadwa kwa mayi, anagwada, anaphunzitsidwa kuyankha akulu. Angotenga ulemu wanga n'kuusula mpeni.
Sindinadye.

Lachinayi, 10 Epulo
Takana. A inshuwalansi atitumiza kwa dokotala wawo. Ndikuyeserera pa galasi: "Sindili bwino." Lilime likukana ngati ndikutukwana m'tchalitchi.
Mwamuna wanga Gwakisa, ali pakhomo ndi nthochi yootcha: "Make Tumpe, onjezani kubuula. Pamenepo mwangopeza theka la miliyoni." Ndamugenda nsapato. Ndi wamanzere. Ndaphonya.

Lachinayi, 24 Epulo
Ndanena. Dokotala atangoti muli bwanji, ndati sindili bwino, zala zachita dzanzi, choko sindigwira, sindigona. Mawu onse, mwadongosolo, ngati phunziro.
Amayi, amene anakakamira kundiperekeza, anditsina pa ntchafu. "Mwana iwe, ulemu uli kuti?" Kenaka n'kutembenukira dokotala, mwamanyazi: "Mumukhululukire. Ali bwino ndithu, dzana anachita kundichapira."
Zitenje ziwiri. Ndinaziponda ndi mapazi m'beseni, uku ndikulira.
Dokotala analemba. Cholembera chake chimathamanga bwanji.
M'basi amayi amvekere, "Ndakuchotsa manyazi lero." Ndinangoyang'ana panja mpaka ku Mwanjelwa.

Lolemba, 2 Juni
3 miliyoni. Ndasaina ndi wamanzere. Meyi wapita, Dar es Salaam sindinaione. Zala ziwiri zaima ngati misomali.
Uthenga wa a Shayo pa foni: "Tikukhulupirira kuti muli bwino, mayi."
Ndilembe kaye yankho muno. Cholembera ndachiika ku dzanja lamanja, liwayankhe lokha, mwaulemu monga amakondera.

Ndili bw