Mizere Iwiri ya Letesi

Lirangwe,
14 Sepitembala

Wokondedwa mwana wanga Thandizo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi amuna ako a Mark ndi mdzukulu wanga Lisa. Kodi chifuwa chija chinamusiya? Ine kuno ndilipo. Kalatayi ndapatsira a Athumani amene akubwera ku Karonga ndi lole, chifukwa pa foni sindingathe kunena zonsezi.

Letesi amene malemu amayi ako anafesa kumapeto kwa Meyi, asanagonekedwe m'chipatala, wachita bwino kuposa zaka zonse. Ophika a kumalo ogona alendo ku Chileka ankadziwana ndi iwo, osati ine, ndiye msika unapita nawo. Kutaya sindingathe. Ndakhala ndikudya ndekha.

Poyamba ndinkadya wosaphika, ndi tomato ndi ndimu, monga amayi ako ankatikonzera Lamulungu. Kenako ndinayamba kukulungamo usipa wokazinga. M'mawa ndimamuduladula n'kuthira m'mazira nditaphula kale, poti akakhalitsa pamoto amasanduka madzi. Amayi a pamjigo amati a Justus ayamba kulimbirana ndiwo ndi mbuzi. Ndimangoseka nawo.

Lachiwiri kunabwera amalume ako a Potiphar. Anandipeza nditatendera letesi ndi nsinjiro. Amene wayamba kutalika amawawa, choncho ndimayamba ndamuviika m'madzi a mchere, monga ndinkaonera kwa amayi ako. A Potiphar anadya, nawonjezera. Anafunsa ngati ndi chayinizi. Nditawauza kuti ndi letesi, anati ndiwozo zikumveka dzanja la mlongo wawo.

Atasamba m'manja ananena chimene anadzera. Abale agwirizana kuti andisudzule Loweruka pa 20, ndibwerere kwathu ku Chileka. Popeza iwe uli kutali, dimba alipereka kwa Sikina, mwana wa amayi ako aang'ono, ndipo mwamuna wake akufuna kugalauza msanga kuti abzale chimanga chogulitsa pa Khirisimasi. Sanalankhule mwankhanza. Ndi mwambo, ndipo ndinkaudziwa kuyambira tsiku limene ndinabwera pachikamwini pano.

Koma mizere iwiri ya kufupi ndi mtsinje ndinaisiyira mbewu. Yangotulutsa kumene timaluwa tachikasu, ndipo njere zimafuna masabata atatu kuti zikhwime. Mbewu imeneyi amayi ako anaisunga okha zaka khumi ndi chimodzi, m'botolo lija la khofi. Chaka chino anafesa yonse. M'botolo mulibe kanthu.

Apa ndi pamene ndinalakwa, mwana wanga. M'malo mopempha, ndinanama. Ndinati iwe wandiimbira kuti mwambowo usachitike iwe kulibe, ndipo tchuthi upeza pakati pa Okutobala. Zaka makumi atatu sindinawanamizepo amalume ako. Ndinachita manyazi kuti munthu wamkulu ndipemphe kukhalitsa pamudzi pa eni chifukwa cha masamba.

Anandiyang'ana nati, "Alamu, mwanayo ndimuimbira ndekha tsikulo lisanafike."

Dzulo ndinaona mwamuna wa Sikina akuyeza dimba ndi mapazi, khasu lili paphewa. Anaima nthawi yaitali pamizere ija.

Sindikupempha kuti undibise ndi bodza lina. Amalume ako akaimba, uwauze kuti sunanene zimenezo, ndiponso kuti ndaulula ndekha kwa iwe. Ukatero uwapemphe. Dimbali ndi la amayi ako, ndipo pamudzi pano mawu ako ndi olemera kuposa anga. Mizere iwiri yokha, masabata atatu. Ine ndichoka Loweruka monga anenera, katundu ndamanga kale. Ndizibwera pa minibasi kudzathirira, osalowa m'mudzi ngati safuna kundiona.

Akakana, usakangane nawo, ndi abale ako. Ungowauza andilole ndizule letesiyo ndekha Lachisanu. Khasu la munthu wina lisamukhudze.

Undiperekere moni kwa a Mark, ndipo Lisa umupsompsone m'malo mwanga. Ambuye akusungeni nonse. Botolo lija ndalitsuka, ndaliumitsa, lili pamwamba pa katundu.

Ndine bambo ako,
Justus