Kanyali Kophethira m'Galimoto ya Odwala

KOMITI YA GALIMOTO YA MPINGO, MELULUCA

Tsiku: Loweruka, 14 Epulo 1928
Malo: Khonde la sukulu
Analipo: a Hosea Mtaya (Wapampando), Mayi Priska Chilinda, a Valentim Mapunda, a Aroni Masanje (Mlembi)
Woitanidwa: Che Mbaraka, woyendetsa galimoto
Sanabwere: Mayi Rakele, ali ku Likoma kokaona mdzukulu

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula ndi pemphero, lomwe linatalikirapo. Che Mbaraka, pokhala Msilamu, anadikira pansi pa mango mpaka Ameni.

2. Dandaulo la kanyali

Wapampando anati kanyali ka pathabwa la kutsogolo kwa woyendetsa, kounikira singano ya batire, kakhala kakuphethira milungu itatu, ndipo odwala ayamba kukana kukwera. Wina anasankha kupita ku Metangula pa bwato, mwendo uli chotupa. Anati chochititsa ndi hirizi, chithumwa chimene Che Mbaraka amavala pamkono, ndipo anakumbutsa komiti kuti izi anazinena kale Lamulungu pakhomo la tchalitchi. Anapempha kuti Che Mbaraka achotsedwe ntchito.

A Valentim anavomereza mwamphamvu. Mlembi akudziwa kuti iwowa sanakwerepo galimotoyi chibwerere chake.

Mayi Priska anafunsa kuti wina wodziwa kuyendetsa ndani pakati pa Meluluca ndi Metangula. Wina sanapezeke.

Che Mbaraka anati: "Akuluakulu, hiriziyi anandimanga amayi ndisanamere mano. Chaka chatha chonse ndinali nayo, nyali ikuyaka bwinobwino. Tiyeni ku galimoto, mukandichotsere komweko."

3. Kuyang'ana galimoto

Komiti inasamukira ku galimoto. Popeza dzuwa linali litakwera, anafunditsa mphasa kutsogolo kuti kanyali kaoneke, mitu inayi ndi wa Che Mbaraka yonse m'kati. Munkanunkha nsomba, koma panthawiyo palibe anatchulapo.

Che Mbaraka anavula hirizi napatsa Mayi Priska kuti akaime nayo kutali. Anagwedeza galimoto. Kanyali kanaphethirabe. Anasintha galasi la nyali n'kuika latsopano: chimodzimodzi. Anapala mitu ya batire ndi mpeni mpaka mbee, osathandiza. Kenaka anagona chagada, nalowetsa dzanja kunsi kwa thabwa, n'kukhudza waya mmodzi. Kanyali kanazima. Atasiya, kanayaka. Anabwereza katatu kuti a Valentim akhutire.

Anafotokoza kuti wayayo anali atakokeka pansi ngati wanyamula katundu, ndipo kamsomali kopota komugwirizira kuchitsulo, kamene iye amati palafuzo, kanali katamasuka ndi kuchita dzimbiri. Pawayapo panali mamba a chambo ndi kachidutswa ka mlaza komangidwa mfundo.

4. Za mlaza

Mayi Priska, atabweza hirizi kwa mwini wake, anatenga mlazawo nauyang'ana nthawi yaitali. Anati gombe lonse lino anthu amatunga nsomba ndi mfundo yopotera kumanja, ndipo yopotera kumanzere woimanga ndi munthu mmodzi yekha. Anati: "Ine zaka makumi awiri ndagula nsomba zanu, a Mtaya. Mfundo iyi ndingaimasule nditatsinzina."

Wapampando anati amanzere ndi ambiri padziko. Kenaka anakumbukira kuti mwezi watha, paulendo wa ku Metangula, Che Mbaraka atatsika kukathira madzi m'galimoto, iwo anaona chingwe chabwino kunsi kwa thabwa napachikapo chambo zisanu ndi chimodzi kuti zisachite fumbi. Anachitanso chimodzimodzi maulendo awiri otsatira, n'kumazichotsa asanafike. Anati m'ngalawa chingwe chili chonse chopanda ntchito ndi chopachikapo zinthu, ndipo palibe anawauza kuti cha m'galimoto chimayenda moto.

Apa msonkhano unaima pang'ono chifukwa cha kuseka. Mlembi naye sanathe kulemba.

Che Mbaraka anapala dzimbiri, nalimbitsa palafuzo, namangira wayayo m'mwamba. Amuna atatu anagwedeza galimoto ndi mphamvu zawo zonse. Kanyali kanayaka phee. Tonse tinakondwa kwambiri.

5. Zogwirizana

(a) Che Mbaraka apitiriza ntchito. Onse anakweza manja, a Valentim poyamba.
(b) Akhome msomali kumbuyo kwa galimoto wopachikapo nsomba.

6. Zina ndi zina

Wapampando anapempha kuti nkhani yachinayi ilembedwe mwachidule, kuti "chovuta chinapezeka." Che Mbaraka anayankha mofatsa: "Ntchito mwandibwezera, ndathokoza. Koma ana anga sabata yonse akutchedwa ana a mfiti kumadzi. Amene akuwanenawo sali pakhonde pano."

Wapampando anabweza pempho lawo. Kenaka anati zilembedwe zonse monga zachitikira, ndipo mawa mapemphero akatha aziwerenga okha pamaso pa anthu. Anapempha Che Mbaraka abwere ndi ana ake.

Msonkhano wina udzakhala Loweruka, 12 Meyi, pakhonde lomweli. Tinabalalika belu la masana litangolira.

Aroni Masanje, Mlembi

Hosea Mtaya, Wapampando
Ndawerenga zonse, sindichotsapo mawu. Mfundoyo ndinamanga ndine.