Mano Awiri a Winnie

Dunoon, Cape Town
14 Novembala 2017

Okondedwa Amayi,

Winnie, mpongozi wanu uja, akubwera kumeneko alibe mano awiri akutsogolo. Ndinawagulula ndine. Ndati mumve kwa ine basi isanafike, chifukwa iye akayamba ndi misozi, ndipo inu misozi simuchedwa kuikhulupirira.

Koma ndisataye mwambo. Muli bwanji Amayi? Bondo lija likukulolani kupita kudimba? Ine ndili bwino, ntchito ya m'nyumba ku Sea Point ikadalipo. Achimwene a Chester ali moyo. Yambani mwathokoza Mulungu, kenako muwerenge.

Mu Epulo achimwene ankadandaula kuti pachifuwa pamawathina akamanyamula makatoni kuntchito kwawo ku Montague Gardens. Ndinawakokera kukiliniki. Adokotala atayeza magazi anati mafuta achuluka, amati kolesitolo, ndipo akutseka mitsempha ya mtima monga mafuta ozizira amatsekera paipi ya sinki. Paipi yotero ndimalimbana nayo kwa abwana anga, ndiye ndinamva msanga. Anawalembera kapiritsi kamodzi madzulo aliwonse, moyo wonse, n'kuwaletsa zokazinga.

Anamvera. Pofika Juni mimba inaphwa, lamba anachita kuboola bowo lina. Ndiye munaona chithunzi chawo pafoni ya achemwali a Emily. Mukukumbuka zimene munanena? Munafunsa Winnie ngati nyama inatha ku Joni, kapena mwana wanu akudwala matenda amene akukubisirani.

Mapiritsiwo ndinkakatenga ndine ndi khadi lawo, tsiku langa lopuma, poti iwo mashifiti sawalola. Ndinkaima pamzere kuyambira m'mawa, mphepo ya kuno ikundicheka makutu, n'kukapereka paketi m'manja mwa Winnie. Mwezi uliwonse ankandithokoza, amvekere alamu, akumwa ndithu. Nditaona mimba ikubwerera ndinafunsa, iye anati ndi mtendere wa m'banja, ine wosakwatiwa sindingaudziwe.

Pa 2 mwezi uno achimwene anagwa kuntchito, katoni ili m'manja. Anzawo akuti nkhope inamenya simenti, thukuta lili kamukamu, milomo itada. Kuchipatala anawalowetsa kawaya kudzera pamkono kukatsegula mtsempha. Achimwene atatsitsimuka, adokotala anafunsa za mapiritsi, ine ndili pomwepo. Achimwene anati anasiya mu Juni, chifukwa akazi awo anawauza kuti akukiliniki anena kuti mafuta atha, achira. Mwana wanuyu amakhulupirira aliyense womuikira mbale patsogolo.

Ndinatuluka m'chipatalamo. Ndinakwera takisi kulunjika kunyumba kwawo. Ndinapeza Winnie akukazinga zikopa za nkhuku zoti apite nazo kuchipatala. Zikopa, Amayi, kwa munthu wa kawaya mumtima.

Ndinagwetsa sutikesi, ndinatembenuza matiresi. Mapaketiwo ndinawapeza m'ndowa ya ufa, pansi penipeni, asanu, osatsegula, atakulungidwa mujumbo.

Sanachite n'komwe manyazi. Anati azimayi a pampopi ankamuloza kuti mwamuna wake ali pa ma ARV, chifukwa mankhwala omwa tsiku ndi tsiku aliyense amadziwa kuti ndi a chiyani. Anati ngakhale apongozi ake akukayika, nanga iye akatsike bwanji basi pa Khirisimasi ndi mwamuna wa nthiti zowerengeka. Ndinamufunsa kuti akanakhala ma ARV enieniwo, akanawabisanso? Anati ine ndi sukulu yangayo ndisamuphunzitse kusamala mwamuna.

Mafuta otenthawo ndinayamba ndawakhuthulira pansi, chifukwa sindine mfiti. Kenako ndinamumenya ndi chiwaya pakamwa. Anagwera pachitseko, ndinamukoka tsitsi mpaka panja, ndinamukhalira pachifuwa n'kumufunsa ngati akumva kuthina kumene ankamva achimwene. Anandiluma pamkono, chilonda chikadali chachiwisi. Ndinathamangira m'nyumba, ndinatapa ufa wa m'ndowa ija n'kudzamupaka m'kamwa mwa magazimo. Akanapanda a Ramazani, odilaiva onyamula katundu wa kumudzi aja, kundinyamula ngati thumba, sindikudziwa kuti ndikanalekera pati. Apolisi sanaitanidwe, tonse mapepala athu okhalira kuno anatha kale.

Abusa akuti ndikapepese. Ndawauza kuti ndidzapepesa mtsempha wa achimwene ukadzabwerera mwakale. Adokotala akuti mbali ina ya mtima inafa, makatoni sadzanyamulanso, n'chifukwa chake akubwera kumudzi.

Pempho langa ndi ili. A Ramazani akupatsani chitini m'manja mwanu, muli mankhwala a miyezi itatu ndi kalata ya adokotala yokaonetsa kuchipatala cha paboma asanathe. Mapiritsi tsopano alipo a mitundu inayi, ndalemba nthawi yake pa paketi iliyonse. Musunge inuyo, Winnie asakhudze. Achimwene muziwapatsa nokha n'kuyang'ana pakhosi mpaka ameze.

Adzaondanso, Amayi. Muwasiye aonde. A kumpingo akanong'ona, muziti inde akudwala, inde akumwa mankhwala, ndipo suyo wakhala pakhondeyo. Winnie anabisa mapaketi, koma mawu anu aja ndi amene anamutsegulira ndowa. Inu sindingakumenyeni, ndinu mayi anga, koma mtima wanga sunaphwe.

Mundiperekere moni kwa achemwali a Emily ndi ana, ndiponso kwa amalume. Ambuye akusungeni, akuchizeni bondolo, akupatseni maso akuthwa madzulo aliwonse.

Nkhaniyi ndainena kamodzi ndipo yathera m'kalata muno. Pafoni musandifunse, sindidzaitchulanso. Mundiuze chabe kuti ameza.

Ndine mwana wanu,
Ndaziona