Utsi Wabodza wa Pakhomo Panga

Port Herald,
9 Febuluwale 1923.

Okondedwa achimwene a Lazaro,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Beira, ndi kuti chifuwa chija chinakusiyani. Kuno tikudzuka ndithu. Mlongo wathu Esinala waonda, koma akuyenda.

Zimene munamva za mwana wake Dorika ndi zabodza. Akuti amapita kudambo kukasaka anyamata, ndipo inu, monga mwini mbumba, mwalamula kuti achoke pasukulu akwatiwe dzinja lisanathe. Mwaweruza nkhani imene simunaione. Khalani pansi ndikuuzeni.

Njala ya chaka chino simunaionepo. Mapira anapserera m'minda asanabereke. Ndiye ana akuluakulu a pasukulu ya mishoni anapangana okha, popanda mphunzitsi kuwatuma. Anyamata akudzitcha Abale a Bwato, atsikana Achemwali a Dengu. Analumbira zinthu ziwiri: sadzadya madengu asanagawidwe, ndipo sadzatchula dzina la munthu amene amudyetsa.

Akaweruka masana amapita kudambo la Ndinde kukakumba nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, zija tinkadya tili ana n'kumalira kuwawa. Atsikana amalowa m'madzi mpaka m'chifuwa, kufufuza m'matope ndi zala za kumapazi. Anyamata amawazungulira ndi mabwato, kumenya madzi ndi nsungwi kuti ng'ona zisayandikire. Chiwerewere chimene munamvacho ndi chimenechi. Miyendo ya Dorika yadzaza zipsera za misundu.

Pogawa safunsa munthu, chifukwa akudziwa kuti wa kuno sangavomere kuti m'nyumba mwake mulibe kanthu. Amayang'ana madenga. Nyumba imene yatha masiku awiri osatulutsa utsi, mwini wake amapeza dengu la nyika zophika pakhomo, popanda ngakhale odi. Nzeru imeneyi ine sindikanaiganiza, ndi mabuku anga onse.

Tsopano mumve zanga. Amene anayambitsa mawu aja ndine.

Ndinawanena pakhonde la sitolo, anthu anaseka, ndipo ndinakondwa kuti aseka. Mukundidziwa. Ine ndinafika sukulu yaikulu ya kumtunda, ndinkalemba Chingerezi choposa cha wondiphunzitsa, n'kuchokako chaka chomaliza chifukwa chokana kupepesa pamene sindinalakwe. Kuona tiana tosadziwa n'komwe kugawa masamu tikutamandidwa mudzi wonse kunandiwawa. Sindinkadziwa kuti mawu a pakhonde akwera sitima.

Nkhokwe yanga inatha Khirisimasi itangopita. Za utsi ndinkazidziwa, ndipo ndinati dengu la ana amene ndawanyoza silidzatera pakhomo panga. Tsiku lililonse ndinkasonkha moto, kuponyapo masamba aawisi kuti utsi uchuluke, n'kuteleka mphika wa madzi okhaokha. Ndinachita zimenezi masiku asanu ndi limodzi. Lachisanu ndi chimodzilo ndinalephera kufika kuchitsime.

Dorika anabwera, anagwada pakhomo n'kupereka moni. Anafunsa kuti malume akuphika chiyani chopanda fungo chonchi. Ndinati nyemba, ndipo ndinamuuza kuti abwerere kwa anyamata ake. Anasendera pamoto n'kuvundukula mphikawo. Anayang'ana, anavundikiranso bwinobwino, n'kunena kuti nyemba za chaka chino zikuchedwa kupsa, malume apirire.

M'mawa mwake dengu linali pakhomo. Ndinadya, achimwene. Ndinadya ndi makoko omwe.

Nditapeza mphamvu ndinamufunsa kuti anadziwa bwanji. Anati wophika zenizeni satentha masamba aawisi, ndipo utsi wanga woyera uja atsikana onse anauzindikira tsiku lachiwiri. Masiku anayi enawo ankakangana kuti alowe ndani, popeza onse ankaopa pakamwa panga. Ndinamufunsa ngati akudziwa amene anamuipitsira mbiri. Anati akudziwa kalekale. Ndinati nanga dengulo? Anati iwo analumbira kudyetsa wanjala, sananene kuti wanjala wa pakamwa pabwino.

Mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi kundiyankha chonchi! Ndinafuna kumukalipira, koma m'kamwa munali nyika zake.

Ndabwerera kusitolo kuja, ndaima pakhonde lomwe lija n'kunena kuti ndinanama. Aseka kuposa poyamba. Aseke, palibe chatsala choti andilande.

Ndikukupemphani, ndipo mukudziwa kuti ine sindipempha. Musamuchotse Dorika pasukulu. Watsala ndi chaka chimodzi, ndipo akufuna kukaphunzira za unamwino. Kusiya sukulu panjira ndikukudziwa kukoma kwake: zaka khumi ndi ziwiri ndikulembera anthu ena makalata pansi pa mtengo, n'kumadana ndi aliyense amene zake zikuyenda. Mbumba yathu ili kale ndi munthu mmodzi wotere. Ngati mukufuna wolanga, ndilipo ine. Lembani kalata ina yobweza mawu anu, ndipo ifulumire, chifukwa a kuchimuna amva kale kuti mwavomera.

Mundiperekere moni kwa alamu a Helena ndi ana onse. Mulungu akusungeni pantchito ya padoko, akupatseninso mtima wofewa kuposa wanga.

Ndine mphwanu,
Gideon.

Kalata yanu ija Esinala anabwera nayo kwa ine kuti ndimuwerengere. Ndinamuwerengera moni wokha.