Chishalo cha Mkazi Wanga

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Malire omaliza tadutsa. Chidindo china mu pasipoti, bowo lina pa lamba, mimba yonse yathera pamsewu. Kwangotsala masiku ochepa kuti tifike kunyumba. Ulendo wonsewu wa pa njinga ine kutsogolo kutchinga mphepo, mkazi wanga kumbuyo kwanga. Ndi mmene tinapanganira tisananyamuke.

Pamzere wa zidindo takumana ndi bambo wina wa njinga, wolowera komwe tikupita. Akatumba a m'miyendo ngati mabuledi. Ndamutcha Katumba. Mkazi wanga akuti tiyendere limodzi. Ndavomera ndi mano okha.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Katumba waona kuti mkazi wanga akupinda kwambiri mawondo popalasa. Sipanala m'manja, wakweza chishalo zala ziwiri. Chishalo chimene ndinachuna ine, ndi manja angawa, pakhonde pathu. Msana umene wakhala ukumuvuta kuyambira dziko loyamba akuti wasiya. "Ndabadwanso," akutero. Pamaso panga.

Chubu changa chaphulika masana. Ndamata ndekha, sindinalole munthu kuyandikira.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Chitunda chosatha. Awiriwo patsogolo, iye atabisala kumbuyo kwa Katumba, pamalo pomwe amakhala kumbuyo kwanga. Akuseka. Pachitunda munthu n'kumaseka? Ine wefuwefu, kumeza fumbi lawo. Andidikira pamwamba, andisungira nthochi. Nthochi yondimvera chisoni. Ndadya.

Nsanje ndili nayo, ndisadzinamize. Imvi zonsezi.

Lamlungu, 10 Ogasiti

Tsiku lopuma. Nyumba ya alendo yonunkha utoto, madzi a m'bafa ongodontha. Awiriwo apita kumsika kukafuna machubu. Ine ndatsala, ati kuthira oyilo matcheni.

Ndatsitsa chishalo. Zala ziwiri zomwe zija, pomwe ndinachiika ine. Mtima unakhala m'malo kanthawi. Kenaka ayi.

Lolemba, 11 Ogasiti

Msana wa mkazi wanga wayambanso, bondo nalo latupa. Sanadandaule. Wangotsika n'kumakankha njinga pamalo osakwera n'komwe. Katumba amafuna kuiyang'ana, iye wakana. "Isiyeni, achimwene, vuto lake ndikulidziwa." Ine sanandiyang'ane.

Madzulo wafunsa mayi wa pa nyumba ya alendo ngati basi imanyamula njinga. Kukafika kwathu pa basi, titapalasa mayiko onsewa. Tinalonjeza ana kuti tidzalowa pageti tonse awiri tili pa njinga, akutidikira ndi kamera. Ndikonze chishalo? Kukonza ndiye kuvomera. Ndamugulira mankhwala opaka, wayamika ngati ndine mlendo.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Katumba wapatuka dzulo pamphambano. Anandigwira chanza ndi manja awiri, akuti waphunzira zambiri kwa ine. Munthu wabwino. N'zomwe zikundinyansa kwambiri.

Mkazi wanga basi sanakwere. M'mawa wandipempha sipanala, wamasula yekha, wakweza chishalo mpaka patulukira kamzere kofiira pachitsulo. Kyutekisi wa m'zikhadabo zake. Anapaka tsiku lomwe chinakwezedwa lija, kuti asamaiwale pamene pali bwino. Potsitsa ndinakameza m'felemu osakaona. Ndiye kuti chidziwireni Lolemba m'mawa, n'kupalasabe tsiku lonse ndi ululu, kudikira kuti mwina ndilankhula.

"Lero mukhale kumbuyo, bambo. Mphepo ndikutchingirani ndine."

Tsiku lonse kamzere kaja kali pamphuno panga. Kumbuyo n'kopepuka, sindimadziwa. Koma liwiro lake! Bondo lotupa lomwelo, ine kuchita kulira kuti ndisatsale. Kangapo konse anacheuka n'kuchepetsa. Mmene anachepetsera bwino, osaonetsa, si za lero. Wakhala akundichepetsera kuyambira dziko loyamba.

Mawa tifika. Sipanala sanandibwezere.