Ndinamukakamiza Unaisi kuthamanga mwendo usanapole

Aphungu,

Ndimaphunzitsa mpira wa ragibi kuno ku Sigatoka, ndipo mwana wanga Unaisi, wa zaka 22, ndiye waliwiro kuposa onse m'timu yathu ya akazi. Mwezi watha anavulala mnofu wa kuseri kwa ntchafu. Patatha milungu iwiri ndinamuona akuthamanga mofatsa pamchenga osatsimphina, ndiye ndinati wachira.

Iye anati, "Ababa, ndikamapita pang'onopang'ono sindimva kanthu, koma ndikawonjezera liwiro mwendo umandigwira."

Ine pamaso pa anzake ndinati, "Mwendo wosankha ntchito? Ulesi umenewo! Vala nsapato." Onse anaseka.

Loweruka tinapita kumpikisano ku Lautoka, komwe kunabwera osankha osewera a timu ya dziko. Unaisi anawakha mpira, nazemba osewera awiri a timu inayo, koma atatsala pang'ono kugoletsa anagwa atagwira ntchafu. Adokotala akuti mnofu wang'ambika. Pano akuyendera ndodo, ndipo wasamukira kwa azakhali ake. Ndikamupatsa moni amangoti, "Zikomo, aphunzitsi." Mawu oti ababa sindiwamvanso. Tulo sindikupeza. Nditani?

J.R., Sigatoka

Bambo J.R.,

Unaisi sananame. Munthu akamathamanga mofatsa, mnofu umenewo sulemedwa kwenikweni. Koma pa liwiro lonse mwendo umaponyedwa kutsogolo mwamphamvu, ndipo mnofuwo ndi umene umaugwira phazi lisanaponde pansi, pomwe utatamuka kale ngati chingwe. Wosapola bwino umang'ambika pamenepo. Inu munaona kuthamanga kosavuta, iye ankamva kovutako.

Komatu chikumupweteka kwambiri si ntchafu. Anakuuzani zoona, inu n'kumusandutsa choseketsa. Tengani mizu ya chomera cha kava monga mwa mwambo wathu wopepesera, mupite kwa azakhali akewo, mukhale pansi, munene kuti, "Ndinalakwa, sindinakumvere." Musawonjezepo zoti munkamufunira zabwino. Kenako mubwereze mawu omwewo pamaso pa timu, poti munamunyozera pomwepo. Akapanda kuyankha, bwererani kwanu mwakachetechete. Musamuumirize kukhululuka monga munamuumirizira kuthamanga.

Za mwendowo siyirani adokotala. Adzayamba ndi kuulimbitsa, kenako liwiro azidzawonjezera pang'onopang'ono, ndipo wonena kuti lero basi akhale Unaisi.

Chenjerani: mnofu umene unang'ambikapo suchedwa kung'ambikanso. Osankha osewera adzabweranso chaka chamawa, ndipo mtima wanu udzayambanso kuyabwa. Tsiku limenelo mudzamufunse mwana wanu kuti mwendo uli bwanji, ndipo akayankha, mudzamukhulupirire.

Aphungu